Sitima za katundu zikachedwa, tiuzeni chifukwa chake

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya sitima zapamtunda zonyamula katundu. Ena adabwa kuti munthu wa ku Mitundu zasitima zamukhudza bwanji, poti kwathu kuno kulibe njanji. N'zoona, mukapatuka pamphambano ya Bunda mpaka kukafika pamsika wa Mitundu simuona njanji, ndipo abale athu a ku Nathenje chomwe amadziwa ndi malole ndi mathanki odutsa pamsewu wa M1 usana ndi usiku. Njanji ya kuno ku Lilongwe idadzera kumpoto kwa mzinda, kuchokera ku Salima kudzafika ku Kanengo n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Koma ku Kanengo komweko n'kumene kuli nkhokwe zikuluzikulu za chimanga, mosungira mafuta a dziko lino, madepoti a feteleza ndi okushoni ya fodya. Choncho zochitika panjanji imeneyo zimafika m'munda mwanga ndi m'thumba mwanga, ngakhale kulira kwa sitima sikumveka pakhomo panga.

Ine ndine mlimi wa chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ndiponso ndimasunga buku la kalabu yathu ya alimi. Chandilembetsa kalata ino ndi yankho limodzi lomwe latitopetsa, loti "sitima yachedwa". Mupite kogula feteleza ndalama zili m'manja, mupeza mulibe, akuti sitima yachedwa. Mufunse kuti yachedwera kuti, palibe akudziwa. Kodi ili kudoko la Nacala? Yaima pachipata cha Nayuchi? Ili pamphambano ya njanji ya Nkaya? Kapena siidanyamuke n'komwe? Nanga ifika liti? Wogulitsa amangoti kaya, mudzayeserenso sabata yamawa. Munthu ameneyu sindikumuda, mwina nayenso sadauzidwe kanthu. Mwinanso sitimayo ikungonamiziridwa pamene vuto lili pena. Ife tilibe podziwira, ndipo apa m'pamene pagona dandaulo langa lonse.

Amene sadagwirepo khasu angaone ngati kuchedwa kwa masabata awiri n'kochepa. Chimanga chili ndi nthawi yake. Mvula yobzalira kuno imagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Feteleza wokulitsa, amene ambiri timangomutchula kuti chitowe, amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa amafunika pakatha masabata atatu kapena anayi. Nthawi imeneyi ikadutsa chimanga chimachita chikasu n'kupinimbira, ndipo thumba lofika mu Febuluwale silingabweze zomwe zidatayika mu Disembala. Mlimi amene wauzidwa zoona msanga amakhala ndi pothawira. Akhoza kuchepetsa munda wa chimanga n'kuwonjezera wa soya kapena mtedza, akhoza kupanga manyowa a Mbeya ndi kafeteleza kochepa komwe ali nako, akhoza kukasaka thumba limodzi kwina mtengo usanakwere. Koma amene akungouzidwa kuti bwerani mawa amadikira mpaka nthawi yonse yothira itatha, kenaka chaka chamawa tizimva kuti alimi a ku Lilongwe ndi aulesi.

Nyengo yogulitsa fodya ndimakhala ku Kanengo masiku ndithu kudikira kuti mabelo alowe, ndipo wodikira amakhala ndi mpata woona zambiri. Ndaonapo mabogi ataima malo amodzi lero, mawa ndi mkuja, opanda mutu wowakoka. Ndaonapo mutu wa sitima ukubwera, kukoka mabogi angapo, kuwasiya panjanji ina n'kuzimitsa injini. Anyamata aganyu yotsitsa matumba amakhala pamthunzi kuyambira m'mawa, osadziwa ngati tsikulo adya kapena ayi, chifukwa nawonso palibe wowauza tsiku lomwe sitima ifike. Koma nditapita kumaliro ku Balaka, kufupi ndi mphambano ya njanji ya Nkaya, ndidaona sitima zamtundu wina, za malasha. Imodzi imakoka mabogi oposa 100, moti mukaima pamalo amodzi mutu umazimiririka mchira usanaoneke. Ikadutsa imeneyo, sipatenga nthawi kwabwera inzake, ina yodzaza kupita kunyanja, ina yopanda kanthu kubwerera kumgodi wa ku Moatize, ndipo usiku womwe siziima. Ndidadzifunsa kuti, ngati malasha a eni ake angayende motere m'dziko lathu lomwe lino, chikuvuta n'chiyani kuti feteleza ndi mafuta athu aziyenda modziwika?

Njanji imeneyi sidagwe kumwamba, ndipo Amalawi tili ndi gawo lalikulu pa mbiri yake. Sitima idayamba kuyenda pakati pa Nsanje ndi Blantyre m'chaka cha 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi udatsegulidwa, njanji idafika ku Salima, ndipo katundu wathu ankatsikira ku Beira osatsitsidwa panjira. Mu 1970 idatsegulidwa njanji yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yotilumikiza ndi doko la Nacala. Ya ku Salima kudzafika ku Lilongwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada n'kutsegulidwa mu 1979, ndipo chaka chotsatira idafika ku Mchinji. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njira zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, zidatsekeka, katundu wathu n'kuyamba kuzungulira pamsewu kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam pamtengo wowawa. Asilikali a dziko lino adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena a iwo adafera komweko. Makolo athu adasuntha midzi ndi minda kuti njanji idutse, ana athu adaikhetsera magazi. Ndiye tikafunsa kuti sitima ili kuti, sitikulowerera za eni.

Mu 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe inkakumba malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, idamanga njanji yatsopano yodzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso yakale yopita ku Nayuchi, kuti malasha aziyenda mtunda wa makilomita 912 kukafika kunyanja ku Nacala. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan. Palibe wokana kuti ndalama za malasha zidakonza njanji yomwe idali itatheratu, ndipo pa chimenecho tikuyamika. Koma nthaka yomwe njanjiyo yagonapo ndi ya Amalawi, ndipo boma lidasayina mapangano onsewa m'dzina lathu. Ngati m'mapanganomo mudalembedwa gawo la katundu wa dziko lino, tikufuna tilidziwe, kuti tizitha kuona ngati likukwaniritsidwa.

Sindikunena kuti sitima isamachedwe ayi. Zifukwa zochedwetsa sitima zilipo zambiri, ndipo zina n'zomveka kwa munthu aliyense. Njanji yathu ndi ya mzere umodzi, kotero sitima ziwiri sizingadutsane pokhapokha pamalo opatukira, pamene ina imaima kuti inzake idutse. Kuyambira pa Nkaya mpaka ku Nayuchi, ndi kupitirira m'dziko la Mozambique, malasha ndi katundu wathu zimadzera njanji imodzimodzi. Funso n'lakuti, zikakumana, imaima ndi iti, ndipo imaima nthawi yaitali bwanji? Palinso mvula. Madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe sidawolokenso kupita ku Bangula ndi ku Nsanje. Mu 2003 mlatho wa Rivirivi ku Balaka udakokoloka n'kudula chigawo chapakati chonse. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adawononga misewu, milatho ndi njanji kummwera. Zipolowe zomwe zidabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024 zidasokoneza kayendedwe ka katundu wathu wodzera m'dzikomo. Nthawi zina sitima yapamadzi ndiyo imachedwa kufika padoko. Nthawi zina katundu amafika padoko koma osatuluka chifukwa ndalama zakunja zomulipirira zasowa, vuto lomwe tonse tikulidziwa kuyambira pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi zina mabogi kapena mitu ya sitima ndiyo imaperewera.

Pa zifukwa zonsezi, ndi chiti chomwe mlimi sangachimve atauzidwa? Ife timadziwa kuti mtsinje ukadzaza suwolokeka. Timadziwa kuti ngolo imodzi singanyamule zokolola za mudzi wonse tsiku limodzi. Mukatiuza kuti mlatho wakuti wakokoloka ndipo ukonzedwa pofika tsiku lakuti, tidandaula koma tikonzekera. Chomwe chimatipweteka ndi kutiyesa anthu osafunika kuuzidwa, ngati kuti nkhani za njanji n'za mabwana a m'maofesi okha, pamene wolipira mtengo wa kuchedwako ndi mayi wa ku Mitundu amene wagona pakhonde la depoti ndi mwana kumbuyo.

Pamene akuluakulu akhala chete, mphekesera ndiyo imalankhula, ndipo mphekesera ili ndi eni ake amene amadyerapo. Ikangomveka kuti sitima yachedwa, mavenda amene adasunga matumba amakweza mtengo tsiku lomwelo. Mlimi wochita mantha amakatenga katapira kuti agule thumba lodula, mawa lake n'kumva kuti feteleza wafika. Wina amadikira poganiza kuti afika posachedwa, osadziwa kuti sadanyamuke n'komwe padoko. Mafuta akasowa, monga zidachitikira kumapeto kwa 2024, petulo amapezeka m'zigubu m'mbali mwa msewu pamtengo wosaneneka. Wakabaza amakweza mtengo, wachigayo cha dizilo amakweza mtengo, galimoto yonyamula mtedza kupita m'tauni imakweza mtengo, ndipo wogula mbewu amachotsa zonsezo pamtengo wa mlimi. Wodwala amene watumizidwa kuchipatala chachikulu amalephera kupeza galimoto. Wakuba amakonda mdima, ndipo kusauzidwa kwathu ndiwo mdima womwe anthu oterewa amatibera nawo.

Anthu a ku Nathenje ali ndi umboni wawo. Katundu amene akadayenda panjanji amayenda pamsewu, ndipo malole ochokera ku Beira olowera pachipata cha Dedza amadutsa pakati pa msika wawo. Bogi limodzi la sitima limanyamula matani pafupifupi 40, omwe ndi matumba 800 a makilogalamu 50, pamene lole yaikulu imanyamula matani 30. Sitima ya mabogi 30 ikalephera kubwera, ndiye kuti malole 40 alowa pamsewu m'malo mwake. Malole amenewa amakumba phula, amadya m'mbali mwa msewu momwe ana asukulu ndi apanjinga amayendamo, amamwa dizilo wogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowazo, ndipo ikafa imodzi pachitunda imakhala msampha kwa galimoto zonse zausiku. Msewu ukawonongeka timaukonza ndi misonkho yathu komanso ndalama zomwe timalipira pazipata za pamsewu. Choncho kuchedwa kwa sitima timakulipira kawiri, pamtengo wa katundu ndi pamsewu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chiyembekezo adatipatsa okha atsogoleri. Mu 2010 idatsegulidwa njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata, tikuuzidwa kuti katundu wa ku Zambia azidzera kuno, koma anthu okhala m'mbali mwa njanji ya ku Mchinji angakuuzeni kuti sitima kumeneko n'chinthu chosowa. Mu Okutobala 2023 apulezidenti atatu a nthawiyo, Filipe Nyusi wa ku Mozambique, Lazarus Chakwera wa dziko lino ndi Hakainde Hichilema wa ku Zambia, adakumana ku Nacala potsegulira doko lokonzedwanso n'kusayina mapangano a njira ya Nacala. Mu Julaye 2024 sitima yonyamula dizilo idafika ku Kanengo patatha zaka 21 mafuta asakubwera pa njanji ku Lilongwe. Mu Seputembala chaka chomwecho sitima ina yamafuta yochokera ku Beira idafika ku Marka m'boma la Nsanje patatha zaka zoposa 40. Tidamva pawailesi ndipo tidasangalala ndi mtima wonse, poti tidaona kuti njira yaifupi ndi yotsika mtengo yatsegukanso. Koma kuchokera masiku amenewo, zafika sitima zingati ku Kanengo? Zabweretsa malita angati ndi matumba angati? Ntchito yomanganso njanji ya Marka mpaka Bangula, ya makilomita 72, yafika pati? Tsiku lolandira sitima yoyamba lidalengezedwa dziko lonse n'kumva. Masiku enawa, omwe ndi amene amatidyetsa, bwanji salengezedwa?

Nafenso anthu wamba tili ndi mbali yathu, ndipo ndisaibise. Pali anthu amene amazula zitsulo zomangira njanji n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Pali amene amatapa miyala ya panjanji kukamangira nyumba, amene amakumba mchenga pansi pa milatho, amene amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa njanji, ndi amene amapopa mafuta sitima ikaima. Munthu wozula chitsulo chimodzi akhoza kugwetsa sitima yonyamula feteleza wa boma lonse. Mafumu, apolisi ndi ife eni midzi tiyenera kuthana ndi khalidwe limeneli, ndipo ogula zitsulo zakubazo alangidwe pamodzi ndi akubawo. Koma ndinene kuti munthu amasamala chinthu chomwe akuona phindu lake. Anthu akamadziwa kuti sitima yodutsa Lachinayi yanyamula feteleza wawo, adzakhala alonda a njanji popanda wowalemba ntchito. Akamangoona mabogi otseka akudutsa osadziwa za mkati mwake, njanji amaiyesa ya alendo.

Tsono pempho langa kwa Unduna wa Zamtengatenga, kwa oyendetsa njanji ndi kwa onse oitanitsa feteleza ndi mafuta a dziko lino ndi ili. Choyamba, kuyambira Seputembala mpaka Januwale, sabata iliyonse pazituluka chikalata chonena kuchuluka kwa feteleza amene ali padoko, amene ali panjira ndi amene wafika ku Liwonde, ku Blantyre ndi ku Kanengo. Chachiwiri, njanji ikaduka kapena sitima ikaima kupitirira tsiku, zilengezedwe pawailesi m'Chichewa, ponena malo, chifukwa ndi tsiku lomwe akuyembekeza kuti ziyambenso kuyenda. Tsikulo likasintha, abwerenso adzatiuze. Chachitatu, nyengo yobzala ikayandikira, feteleza ndi mafuta zipatsidwe mpata woyamba panjanji, ndipo ngati mapangano omwe alipo salola zimenezi, boma likambiranenso ndi eni makampaniwo poyera. Chachinayi, alangizi azaulimi azipatsidwa uthenga umenewu msanga kuti azifikitsa kumakalabu athu, poti iwo ndi amene timawaona.

Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. A zanyengo amatiuza za mvula tsiku ndi tsiku, ndipo namondwe akamabwera amachenjeza. A magetsi amatulutsa ndandanda ya nthawi yozimitsa magetsi. A zamadzi amalengeza akafuna kutseka mipopi. Mtengo wa mafuta ukasintha usiku, pofika m'mawa aliyense amakhala atamva. Ngati zonsezi zimatheka, za sitima zingakanike bwanji, pamene oyendetsa ake amadziwa pomwe sitima iliyonse ili ola lililonse? Komanso tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuchokera kumaofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamulo limeneli silidapangidwire atolankhani ndi maloya okha. Ndi la mlimi yemwe, ndipo uthenga wokhudza chakudya cha dziko suyenera kudikira kuti wina achite kulemba kalata yopempha.

Aphungu athu a madera a kummwera kwa Lilongwe, nkhani iyi ndi yanu. Musaganize kuti poti njanji siidutsa m'dera lanu ndiye kuti ndi ya aphungu a ku Balaka, Machinga ndi Salima okha. Anthu amene adakuvoterani ndi omwe amagona pamadepoti. Kafunseni m'Nyumba ya Malamulo kuti chaka chathachi katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko muno amene adayenda panjanji adali wochuluka bwanji poyerekeza ndi malasha, kuti ndalama zomwe makampani a njanji amalipira kuboma zimagwira ntchito yanji, ndiponso kuti njanji ya Nkaya, Salima, Kanengo mpaka Mchinji idzayamba liti kuyenda mokhazikika. Mayankho ake mudzatiuze pamsonkhano kuno kumudzi, osati kudikira nthawi ya kampeni.

Inunso akonzi, ndikupempheni kuti musangosindikiza kalata ino n'kuiwala. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo ife tafunsa pamadepoti mpaka kutopa, koma mawu athu safika patali ngati anu. Mvula isanagwe chaka chino, tumizani mtolankhani ku Kanengo, pa Nkaya ndi ku Nayuchi. Akawerenge sitima zodutsa, akaone zomwe zanyamula, akafunse oyendetsa njanji ndi a unduna mafunso omwe ndalembawa, ndipo mayankho awo muwasindikize m'Chichewa kuti tiwawerenge pamsonkhano wa kalabu. Akakana kuyankha, mulembenso zomwezo kuti dziko lidziwe. Ife alimi a ku Mitundu ndi Nathenje tili okonzeka kupirira mlatho wokokoloka ndi doko lodzaza, koma tikufuna kuuzidwa zoona pa nthawi yake, kuti tizipanga tokha chiganizo cha minda yathu nthawi yobzala isanadutse.

Mlimi wodandaula,
Mitundu, Lilongwe.